Womasulira ndi Wotanthauzira

M'matchalitchi a ku Soche ndi ku Zingwangwa, mlendo akamalalikira m'Chingelezi, pambali pake pamaima munthu wina wobwereza mawuwo m'Chichewa. Ena amamutcha womasulira, ena wotanthauzira. Kodi dzina lomuyenera ndi liti?

Kumasulira kwachokera ku kumasula. Monga mayi amasula mtolo wa nkhuni, momwemonso womasulira amasula mawu omangika kuti mnzake aone zimene zili m'katimo. Dzina ili ndi lotakata. Limakwana pa Yosefe wa m'Baibulo amene anamasulira maloto a Farao, limakwananso pa anthu aja anakhala zaka zambiri akulemba Buku Lopatulika m'Chinyanja kufikira linatuluka mu 1922. Olemba otere ali nayo nthawi. Akhoza kufufuta, kufunsa akuluakulu, ndi kugona nalo liwu limodzi mpaka m'mawa.

Kutanthauzira kwachokera ku kutanthauza, ndiko kunena chimene mawu afuna kunena. Munthu woima pakati pa anthu awiri osamvana chinenero alibe pepala, alibenso mawa. Amamva ndi khutu, nabweza ndi pakamwa nthawi yomweyo. Chifukwa chake dzina lakuti wotanthauzira ndilo limuyenera koposa, pakuti limasiyanitsa ntchito ya pakamwa ndi ntchito ya cholembera.

Ntchitoyi si yachilendo kuno ku Blantyre. Mu 1876 Henry Henderson, pofuna malo omangapo mishoni, anafika m'dziko la mfumu Kapeni, pafupi ndi phiri la Soche. Amene anam'tanthauzira anali Tom Bokwito, mwana wa dziko lino amene anaphunzira ku Lovedale. John Chilembwe nayenso anatanthauzira Joseph Booth atayamba kum'gwirira ntchito mu 1892. Dr Banda atabwerera kwawo mu 1958, ankalankhula m'Chingelezi pa misonkhano, ndipo anthu ankamva mawu ake kudzera m'kamwa mwa otanthauzira monga John Msonthi.

Koma dzinali lili ndi msampha wake. Ena akamva kuti kutanthauzira, amayesa kuti apatsidwa ufulu wofotokozera ndi kukometsera. Mlaliki anena mawu asanu, iwo anena makumi awiri. Kumeneko sikutanthauzira ayi, koma kulanda nkhani ya mwini wake.

Ku bwalo la milandu ndiko kumaoneka kulemera kwa ntchitoyi. Milandu imalembedwa m'Chingelezi, ndipo malamulo aakulu a dziko la Malawi a 1994 amati woimbidwa mlandu amene sakumva chinenero cha bwalo am'patse wom'tanthauzira, boma ndilo lilipire. Tsono munthu akanena kuti "Ndinatenga khasu," wotanthauzira n'kubweza ngati wati "Ndinaba khasu," munthuyo wavomera mlandu umene sanavomere. Liwu lakuti pepani nalonso lili pawiri: wolakwa amati pepani, wopepesa maliro amatinso pepani. Wotanthauzira wosasamala akhoza kusandutsa chifundo kukhala kuulula tchimo, munthu wosalakwa n'kukagona kundende.

Motero amene anena womasulira sanalakwe, koma amene anena wotanthauzira walasa penipeni. Ndipo wonyamula dzinali akumbukire kuti mawuwo si ake. Iye ali ngati mtumiki wonyamula dengu la mwini: asachotsemo kanthu, asaonjezeremo kanthu, alifikitse monga analilandira.