Kodi Nthondo Mumdziwa? Za Buku la S. J. Ntara

Acinyamata anzanga, mwezi wathawu gulu lathu la ku Chililalila linawerenga buku la Nthondo. Analilemba Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Mishoni ya Nkhoma m'Malawi, ndipo linatuluka mu 1933. Linapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Africa, ndipo mu 1934 T. Cullen Young analimasulira m'Cingerezi nalicha Man of Africa.

Nkhani yake ndi ya mwana wa m'mudzi amene akula ali wosamva ndi wakuba. Apita kum'mwera kukafuna nchito, abwerera kwao, alongedwa ufumu, ndipo potsiriza atembenuka mtima nakhala Mkristu.

Tsiku loyamba zinthu sizinayende. Tinawerenga mokweza, mau tinawachula bwino, koma nditafunsa cimene tamva, onse anangoti zii. Wina anati, "Izi n'za makolo, ife ndife a m'tauni." Mwina nanunso mukanatero.

Sabata yotsatira ndinayamba ndi funso lina: ndani kwanu anacoka kumudzi kudzafuna nchito? Manja anakwera pafupifupi onse. Uyu ambuye ake anacokera ku Petauke, uyo ku Katete, winanso ku Malawi, kudzagwira mu mgodi wa mtovu ndi zinki pamene Kabwe anali kuchedwa Broken Hill, kapena ku njanji. Mgodiwo unatsekedwa mu 1994, ife tisanabadwe, ndipo lero abale athu ndiwo akunyamuka kunka ku Lusaka, ku Solwezi ndi ku Joni. Titatsegulanso bukulo, ulendo wa Nthondo unamveka. Mtsikana wina anati mlongo wake anacoka cimodzimodzi, ndipo amai awo sagona tulo foni ikakhala osalira. Kuyambira pamenepo mafunso sanathe.

Apa ndipo pali mphamvu ya Ntara. Sabisa zoipa za Nthondo, ndiponso samsandutsa cilombo. Amuonetsa monga mwana amene mumdziwa pa mzere wa nyumba zanu, amene anthu anamtaya kale m'mitima. Mukamuika pafupi ndi munthu weniweni, mumayamba kufunsa cimene cinamuononga, ndipo funso limenelo ndilo likukokani kufikira tsamba lomaliza.

Koma cenjerani, zimene tidziwa zikhoza kutisoceretsa. Ena anadabwa kuti munthu wa mbiri yotere n'kukhala mfumu, poganiza za masankho a makhansala. Tinapita kwa agogo ena a mu mpingo, amene anatifotokozera kuti pa Cicewa ufumu utsata mbumba ya kucikazi, ndipo amai akuluakulu a banja ali ndi mau posankha. Cimene sunacione, funsa amene anaciona. Paja akulu anati mau a akulu akoma akagonera.

Bukuli lili ndi pofooka pake. Kwa ine, kutembenuka kwa Nthondo kubwera mofulumira poyerekeza ndi zaka zake za kusocera. Ife amene taona mnzathu akulimbana ndi kacasu, kugwa ndi kudzuka, tidziwa kuti kulapa kuli ndi nkhondo yake ya tsiku ndi tsiku. Ndikadakonda Ntara akadaticedwetsa pamenepo. Onani kuti ngakhale cifukwa ici ndacipeza poyesa buku ndi moyo umene ndauona.

Kumbukirani mdindo wa ku Etiopia pa Macitidwe 8. Anali kuwerenga Yesaya osamva, kufikira Filipo atakwera m'gareta nalumikiza malembo aja ndi mbiri ya Yesu. Inunso mukatsegula buku, kaya la sukulu kaya Buku Lopatulika, imani pa ndime iliyonse mudzifunse: izi ndinaziona kuti, nanga zisiyana pati ndi zakwathu? Funani Nthondo, muwerenge pa gulu lanu, ndipo muitane gogo mmodzi akhale nanu.