Buku Lopanda Mau: Kodi Lili ndi Malo m'Kalasi Yathu?

Abale ndi alongo amene mumatsogolera makalasi a kuwerenga ndi kulemba,

Acinyamata ambiri amakonda mabuku amene nkhani yake imayenda ndi zithunzi, tsamba lililonse litagawidwa m'timabokosi. Pa Cipwitikizi amati banda desenhada. Ena mwa mabukuwa ndi a nthano zodabwitsa, momwe muli zinjoka, zimphona ndi maiko osapezeka pa mapu. Makolo ena akawaona amati, "Zacibwana izi! Mwana aziwerenga buku lenileni." Tsono ine ndati tikambirane za buku limodzi la mtundu umenewu, kuti tione ngati mau a makolowa ali oona.

Dzina lake ndi The Arrival, ndiye kuti Kufika. Analijambula ndi Shaun Tan wa ku Australia, amene atate ake anacokera ku Malaysia, ndipo linatuluka m'caka ca 2006. Ku Portugal analisindikiza ndi dzina lakuti Emigrantes, ku Brazil A Chegada. Komatu cimene cimasintha ndi dzina lokha, pakuti m'nkhani yonse mulibe liu limodzi limene munthu angaliwerenge. Mu 2008 bukuli linalandira mphoto yaikulu pa cikondwerero ca mabuku a zithunzi ku Angoulême, m'dziko la France.

Nkhani yake ili motere. Bambo wina akulunga cithunzi ca banja lake, aciika m'sutikesi, natsazikana ndi mkazi wake ndi kamwana kake kakakazi. Pamwamba pa nyumba za mzinda wao papingasa micira ikuluikulu yaminga. Mutu wa cilomboco sitiuona, ndipo wojambula satiuza ngati ndi nkhondo, njala kapena boma lankhanza. Bamboyo awoloka nyanja pa sitima, afika m'dziko lina, apimidwa thupi lonse, napatsidwa zikalata. Kumeneko zonse nzacilendo: zipatso sadziwa kadyedwe kake, ngalawa zimayenda m'mlengalenga, ndipo m'cipinda cimene wapeza muli kanyama koyera kamene kayamba kumtsata ngati galu.

Cimene candigwira mtima kopambana ndi malembo. Tan anapeka alifabeti yakeyake, naidzaza pa zikwangwani, pa mapu ndi pa zikalata. Ngakhale munthu atafika ku yunivesite, malembo amenewa sangawawerenge. Bamboyo pofuna pogona ajambula bedi m'kabuku kake, naonetsa munthu wa m'njira. Pambuyo pake apeza nchito yomata zikwangwani pa makoma, koma azimata cadodolido, mutu pansi, ndipo nchito imthera pomwepo. Ife atsogoleri timaiwala msanga manyazi a munthu wamkulu amene wagwira pepala osadziwa kumwamba kwake nkuti. Potsegula bukuli mphunzitsi ndi wophunzira amafanana, onse awiri amakhala osadziwa kuwerenga. Phunziro limeneli ndi lathu, lisanakhale la ophunzira.

Zodabwitsa za m'bukuli sizinaikidwemo kuti zingokometsa masamba ai. Wojambula akadaika mzinda weniweni, monga Lisboa kapena Johannesburg, ena mwa owerenga akadati, "Kumeneko ndikudziwako," ndipo ulendo sukadawapweteka. Popeka dziko limene palibe analipondapo, wacititsa kuti aliyense akhale mlendo. Nthano zathu za kalulu ndi fisi nazonso zimatero. Palibe amakhulupirira kuti kalulu amalankhula, koma tonse timadziwa munthu amene nthanoyo ikumunena.

Bamboyo akumana ndi anthu atatu amene amfotokozera za kumene anacokera. Mai wina anathawa ukapolo atafungatira buku. Bambo wina anapulumuka pamene zimphona zinali kukoka anthu ndi makina onga mapaipi. Nkhalamba ina ya ku fakitale inapita ku nkhondo ndi anzake akuguba mokondwa, nibwerako ndi mwendo umodzi, kupeza mzinda uli bwinja. Pano mpamene bukuli litikhudza ife. Pa nkhondo imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu a dziko lino ngati miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Acinyamata a lero anabadwa pambuyo pake, ndipo ambiri sanamvepo agogo ao akufotokoza bwino za ulendowo.

Koma tisalitame mopitirira, pakuti zofooka zilimo. Coyamba, dziko limene bamboyo afikako ndi lokoma mtima kwambiri. Pafupifupi aliyense amthandiza, palibe womutukwana kapena womulanda zikalata. Amene anakhalako m'misasa ya othawa nkhondo, kapena amene anapita kukafuna nchito ku Joni, adzati, "Ife sizinatiyendere conco." Caciwiri, nkhani yonse ndi ya mwamuna. Mkazi wotsala pansi pa micira ija timamuona pang'ono cabe, cikhalireco ndiye anasenza mwana ndi mantha. Cacitatu, nkhaniyi ndi ya kupita kokha. Banja likumananso kudziko lacilendo nkukhazikika komweko. Za kubwerera kumudzi ndi kupeza munda uli thengo, zimene makolo athu anaziona, mulibe.

Palinso cina cofunika kucenjera naco. Tisaganize kuti cithunzi cimamveka cokha kwa aliyense. Kutsata timabokosi kucokera kumanzere kupita kumanja, ndi kucokera pamwamba kutsika pansi, ndi luso lophunzira. Pali masamba awiri odzaza ndi timitambo tokhatokha, kusonyeza masiku ambiri a pa nyanja. Munthu wosazolowera adzangoti, "Nanga mitambo yonseyi njaciani?" Mtsogoleri ayenera kuyenda naye pang'onopang'ono, cala cili pa tsamba. Ubwino wake ngwakuti mayendedwe a maso amenewa ndi omwewo amene afunika powerenga mizere ya mau.

Mabuku ena a mtundu uwu ngosangalatsa koma satithandiza motere. Bone wa Jeff Smith, amene anatuluka kuyambira 1991 mpaka 2004, ali ndi dzombe, cinjoka cofiira ndi gogo wocita mpikisano wothamanga ndi ng'ombe. Acinyamata angamkonde ndithu, koma nthabwala zake zili m'zolankhula za Cingerezi, ndipo masamba ake apitirira 1,300.

Maganizo anga ndi awa. The Arrival singalowe m'malo mwa buku lophunzirira malembo, ndipo ndi lodula, losapezeka wamba. Koma ngati parishi kapena sukulu ingapeze limodzi lokha, likwanira. Tsegulani masamba anai kapena asanu, ophunzira anene zimene akuona, inu mulembe mau aowo pa bolodi m'Cinyanja, kenaka awerenge zimene anena okha. Pa masamba a nkhondo musakakamize munthu kulankhula. Acinyamata muwatume akafunse akulu kunyumba za ulendo wao, abwere ndi mizere itatu yolembedwa. Mizere imeneyo muisunge bwino, cifukwa ndiyo mbiri ya kwathu kuno imene m'buku la Tan mulibe.