Nthumwi ya Otchola Tiyi

Mu 2016 bungwe la ogwira ntchito m'minda la PAWU lidasainirana ndi Tea Association of Malawi pangano loyamba la malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito. Osaina adali akuluakulu, koma woonetsetsa kuti mapangano otere akutsatidwa ku Thyolo ndi ku Mulanje ndi nthumwi yosankhidwa ndi antchito anzake.

Ntchitoyi njosautsa. Nthumwi imatchola nawo tiyi, ndiye sikelo ikamabera imadziwa. Imaperekeza mnzake woitanidwa kwa bwana kuti asakayankhe mlandu yekha, ndipo pobwerera imafotokozera anthu zonse, ngakhale zosakoma. Kapitawo amaiyesa youkira, anzake ena amati yagulidwa. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 limaletsa kuichotsa ntchito chifukwa cha za bungwe, komabe ndi ochepa amene amavomera udindowu. Ikayamba kudyera kwa bwana, pachisankho chotsatira anthu amaikapo wina.