Kung fu yopanda mphamvu ili m'mafilimu mokha

Anyamata ambiri a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa anaidziwira kung fu m'nyumba zoonetsera mavidiyo, komwe nkhalamba yowonda ya ndevu zoyera imagwetsa chiphona pongochikhudza ndi chala. N'chifukwa chake mtsutso sutha. Ena amanyamula simenti youmitsa m'zitini ziwiri zolumikiza ndi chitsulo, ena amati kunyamula zitsulo kumaumitsa thupi, manja n'kusiya kuthamanga.

Mbiri ya ku China komweko ikuitsutsa nkhalamba ija. Mayeso osankhira akuluakulu a asilikali anayamba mu 702, nthawi ya mfumukazi Wu Zetian, ndipo anathetsedwa mu 1901. Mu ulamuliro wa mafumu a Qing, woyesedwa ankakoka uta wolimba zedi, kuzunguza chikwanje cha mpini wautali cholemera mpaka makilogalamu pafupifupi 70, ndi kudzutsa mwala umene waukulu wake unkafika makilogalamu 180. Pochita masewera olimbitsa thupi panalinso shisuo, mwala wosemedwa ndi chogwirira pamwamba. Munthu amaukupizira pakati pa miyendo, kuuponya m'mwamba, mwala n'kutembenuka, iye n'kuuwakha pachogwirira pomwepo mawondo atapinda. Zala zikafooka kapena chiuno chikachedwa, mwala umagwa.

Pamenepa ndiye pagona nkhani. Mphamvu zomwe kung fu imafuna si za chifuwa chotukumuka. Zimayambira ku mapazi, kudutsa m'chiuno, n'kukathera m'manja. Aliyense amene anakwerapo bwato padoko la Kachulu kupita ku chilumba cha Chisi anaziona ndi maso. Nyanjayi si yakuya, choncho woyendetsa amazika nsungwi yayitali m'matope, kuponda molimba, kupotoza chiuno, bwato lodzaza anthu ndi matumba a matemba n'kusuntha. Manja angogwira, koma akukankha ndi thupi lonse. Mnyamata wa zitini uja, amene amangopinda mikono kuti akatumba atupe miyendo ili yowonda, akusula chiwalo chimodzi n'kuiwala mzere wonsewo.

Aphunzitsi a tai chi, mtundu wina wa kung fu, akamati musalimbane ndi mphamvu, malangizowo ali ndi nzeru kwa munthu wamphamvu kale amene akufunika kuphunzira kumasula mapewa. Akaperekedwa kwa wofooka, amamupusitsa. Mu 2017 ku Chengdu, Xu Xiaodong, womenya nkhonya zosakaniza za MMA, anagwetsa mphunzitsi wa tai chi Wei Lei mphindi imodzi isanakwane, ndipo dziko la China linatekeseka.

Bruce Lee anazindikira izi kale. Ankanyamula zitsulo mwakhama, liwiro lake osachepa. Koma mu 1970 anavulala msana akuwerama ndi chitsulo pamapewa, ndipo anakhala miyezi ingapo osachita masewera. Ichi n'chofunika kuchimva kumidzi kuno, komwe simenti ya m'zitini siyezedwa pasikelo, mbali ina imalemera kuposa inzake, ndipo palibe woyang'ana ngati msana wawongoka.

Kuno kwathu kung fu imaphunzitsidwa mozama ku Amitofo Care Centre ku Mapanga, m'mbali mwa msewu wa Zomba kupita ku Blantyre, malo osamalira ana amasiye omwe anayambitsa m'busa wa Chibuda wa ku Taiwan, Hui Li. Filimu ya Nicole Schafer ya 2019, Buddha in Africa, inaonetsa mnyamata Enock Alu ndi anzake akuphunzira kung fu ya Shaolin ndiponso akukaonetsa kunja. Owonera amawombera m'manja akaona ana akutembenuka m'malere, koma kudumpha koteroko kumatheka chifukwa cha kaimidwe kotchedwa mabu: miyendo yotang'aza, mawondo opinda, msana wowongoka, mwana osasuntha mpaka ntchafu zitayamba kunjenjemera. Kumeneko n'kunyamula katundu ndithu, kungoti katunduyo ndi thupi lake lomwe, ndipo kwa mwana amene mafupa ake akukulabe ndi poyambira pabwino kuposa simenti yosayezedwa.