Kababu ka William Hewlett

Ndimawapatsa ulemu amisiri amene amatha masiku akusakasaka liwu limodzi lokha, loyera, losasasa, lija amayesera nalo maamplifaya ndi masipika. Ndi ntchito ya anthu oleza mtima.

Seketi ya Wien bridge, yomwe imatulutsa liwu lotere, imafuna kuti amplifaya yake ikuze mphamvu katatu ndendende. Ikaperewera pang'ono, liwu limazilala mpaka zii. Ikapyola, nsonga za funde zimaphwanyika, liwu n'kusasa. Mu 1939, William Hewlett ali ku Stanford anaikamo kababu wamba. Liwu likakula, kawaya ka m'babumo kamatentha n'kuyamba kuumira magetsi, mphamvu n'kubwerera pa katatu paja. Nzeru yokoma bwanji! Iye ndi David Packard anapanga makina otulutsa liwu a HP 200A m'galaja ku Palo Alto, ndipo kampani ya Walt Disney inagula makina 8 a 200B pokonza filimu ya Fantasia.

Lero mmisiri amayambira pa kompyuta, mu pulogalamu ya LTspice. Mmenemo seketi imatha kungokhala duu, popeza mulibe kaphokoso koidzutsa. Amachita kuigwedeza yekha, kenako n'kusuzumira pa FFT, kusaka ma harmonic obisala amene amasasitsa liwu.

Mu 1990, mmisiri wina, Jim Williams, anatsitsa kusasa kwa seketi ya Wien bridge kufika pa 0.0003%.