Luso la Nthano za Mafuko: Phiri ndi Banda ku Kadoma ndi Chegutu

Pa siwa ina m'komboni ya pafupi ndi mgodi wa Cam and Motor ku Kadoma, mnyamata anafunsa agogo ake m'Chishona kuti mutupo wawo, kapena kuti mfunda, n'chiyani. Anzake ankamunyoza kuti mabhurandaya, anthu obwera ngati iye, alibe mutupo. Nkhalambayo inayamba yasonkhezera moto, kenaka inati, "Mdzukulu wanga, makolo athu ali pa ulendo, dzuwa linawalowera patsinde pa phiri. Ena anakwera nakagona pamwamba. Ena anabanda udzu m'munsi, nayala pogona." Ponena kuti "anabanda", inagonetsa chikhatho pansi ngati ikupondereza udzu weniweni. "Kutacha, apamwamba aja anali a Phiri, apansi a Banda."

Nthanoyi sitha ndi mphindi imodzi yomwe, ndipo mphamvu yake yagona pomwepo. Ilibe nkhondo, ilibe zozizwitsa. Muli ulendo, usiku umodzi ndi chochita chimodzi, basi. Umboni wake ndi dzina lenilenilo: womvera akangomva mneni woti "kubanda", mfunda umene wakhala akuumva chibadwire umamasuka wokha m'khutu mwake. Katswiri wofotokoza amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amasunga dzina mpaka kumapeto, kuti mwana alitulukire yekha.

Achitchaina nawo ali ndi luso lomweli. Nthano ya mfunda wa Li imati nduna ina itaphedwa ndi mfumu yankhanza Zhou, yomaliza mu ufumu wa Shang, mkazi wake anathawa ndi mwana wawo Lizhen, napulumuka podya zipatso za mtengo wotchedwa li. Pothokoza, mwanayo anatenga dzina la mtengowo. Chilembo cha dzinali chili ndi "mtengo" pamwamba ndi "mwana" pansi. Iwo umboni amauona ndi maso, ife timaumva ndi khutu, koma nthano zonse ziwiri zimabadwira pa ulendo, pamene munthu alibe mudzi.

M'pake kuti nthanoyi inamera mizu kuno. Agogo athu anabwera kudzakumba golide ku Eiffel Flats ndi ku Dalny ku Chakari, kudzalima m'mapulazi, ena kudzagwira m'fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Chegutu. Masiku amenewo matauni a Kadoma ndi Chegutu ankatchedwa Gatooma ndi Hartley, mpaka mu 1982. Ambiri anatchona. Lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ana awo ambiri ngati alendo m'dziko lomwe anabadwiramo, kufikira malamulo aakulu a mu 2013 atawazindikira. Munthu wotere ukamuuza kuti dzina lake linabadwanso pa ulendo, umamupatsa poponda.

Komabe ndili ndi dandaulo. Kufupika komwe kumaikometsa nthanoyi kumathanso kuipundula. Ofotokoza ambiri amalekera paphiri paja, ngati kuti nkhani yonse ndi yoti wina anagona pamwamba pa mnzake. Chonsecho mbiri imene Samuel Josia Ntara anasonkhanitsa mu Mbiri ya Achewa, ndi imene akuluakulu amasimba, imalukanitsa mafuko awiriwa. A Phiri anagwira ufumu wa Kalonga ku Mankhamba, a Banda anagwira za mvula ndi nthaka, monga pa kachisi wa Makewana ku Msinja. Ufumu unkadzera mwa mayi wotchedwa Nyangu, ndipo Kalonga ankakwatira Mwali, wa fuko la Banda. Kuchotsa amayi amenewa n'kusandutsa nthano ya ukwati kukhala ya mpikisano.

Vutoli limakula kuno chifukwa mfunda wasanduka dzina la bambo lolembedwa pa chitupa, pakati pa Ashona otsata kuchimuna. Mwana amadziwa kuti ndi Phiri, koma sanamvepo amayi ake akuitanidwa mwaulemu kuti aNabanda.

Usiku uja ku Kadoma, gogoyo atangomaliza, mayi wina wachikulire amene anakhala pakhomo la siwa anakweza mawu nati, "Achimwene, mwasiya theka. Nanga apamwambawo mvula ankaipempha kwa yani?" Anthu anati zii, gogoyo anavomera ndi mutu, ndipo mnyamata uja ananyamula kampando kake n'kukakhala pafupi ndi mayiwo.