Kuunika buku: Mbozi pamwamba, nyongolotsi pansi, nanga wopopera ali kuti?

Buku la Richard Bardgett ndi David Wardle lotchedwa Aboveground-Belowground Linkages, lomwe Oxford University Press inasindikiza mu 2010, lili ndi mfundo yofunika kwa aliyense woyendera mabanja olima m'tauni: zimene tizilombo timachita pa tsamba zimakafika m'nthaka.

Olembawo afotokoza bwino m'mene izi zimachitikira. Mbewu ikadyedwa masamba imasintha kuchuluka kwa chakudya chimene mizu yake imatulutsira m'dothi. Ndowe za tizilombo zikagwa pansi zimadyetsa mabakiteriya, ndipo iwo amadyedwa ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Mbewu zina zikalumidwa zimachulukitsa mankhwala odzitetezera, kotero masamba ake amachedwa kuwola. Bukuli likuyamikika chifukwa silikakamira yankho limodzi: pena tamoyo ta m'nthaka timachuluka, pena timachepa, malingana ndi chonde cha malowo.

Komabe wowerenga wa ku Chinsapo kapena Area 25 sachedwa kuona chosowa. Zitsanzo zambiri n'zochokera m'malo odyetsera ziweto ndi m'nkhalango za ku Ulaya, North America ndi New Zealand. Bukuli linatulukanso mtundu wachilendo wa ntchemberezandonda usanapezeke mu Africa mu 2016. Pofika Disembala 2017, boma la Malawi linali litalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha mbozizi.

Pa chimanga cha kuseri kwa nyumba ku Kawale, kapena m'madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, pakati pa mbozi ndi nthaka pamakhala munthu wonyamula botolo la mankhwala. Bukuli silimuika patsogolo munthuyu, chikhalirecho ndiye amasintha zambiri. Mankhwala monga chlorpyrifos sasankha: amapha nyerere ndi chiswe, ndipo amavulaza nyongolotsi zofewetsa dothi. Nyererezo n'zimene zimadya mbozi, kuphatikizapo zolowa m'dothi kukasanduka agulugufe. N'chifukwa chake alimi ena amathira msuzi wa nsomba pa nsonga ya chimanga kuti aziitane. Nyerere zikatha, adani a mbozi amachepa.

Mankhwala omwewo ndi amene amagwetsa wopopera wosadziteteza, kapena mwana womwa za m'botolo la chakumwa lomwe munasungidwa poizoni. Zizindikiro zake ndi malovu ochuluka, thukuta, kusanza, kubanika ndi kuchepa kwa kadontho kakuda ka m'diso. Wotere apite ku chipatala msanga, botololo litengedwe.

Alangizi a zaumoyo asamalenso ndi mawu oti nyongolotsi. Zambiri za m'nthaka n'zothandiza. Zoyambitsa njoka za m'mimba zimachokera ku chimbudzi cha anthu, ndipo kuzipewa kwake ndi chimbudzi chabwino, nsapato ndi kusamba m'manja, osati kupopera munda.

Bukuli ndi maziko abwino, koma si lotsogolera ntchito ya ku Mgona kapena Biwi. Chofunika tsopano ndi kafukufuku wa akatswiri a ku Bunda ndi Chitedze pamodzi ndi a zaumoyo, wowerenga mbozi, nyongolotsi ndi anthu odwala ndi poizoni m'dera limodzi pa nyengo imodzi.